Nswala ya malume ingofunika batire

Ndikugulitsa galimoto. Ndati ndinene poyera lero kuti anzanga amene mwakhala mukunong'onezana za kuonda kwanga muleke kundiganizira matenda. Ndi Chevrolet Impala ya 1965, ya zitseko zinayi, yobiriwira mukaionera patali, yofiirira mukaiyandikira. Pageti ndinapachika chikatoni cholembedwa mawu amene aliyense wogulitsa galimoto m'dziko muno amawadziwa ngati pemphero la pachakudya: "Ili bwinobwino. Ingofunika batire basi."

Sindinaname kwenikweni. Batire ikufunikadi. Ka "basi" kokhako ndi kamene ndikakayankhire kumwamba.

*

Mwini wake anali malume anga. Anapita ku Joni pa selefu, osati pa ndege za Wenela, nakapeza ntchito yoyendetsa mzungu wina wa sitolo ya nsalu ku Johannesburg. Mu 1973 maiko a Aluya atachepetsa mafuta, mtengo n'kukwera pafupifupi kanayi m'miyezi yowerengeka, eni magalimoto akuluakulu anayamba kuwaona ngati mlendo wodya kwambiri amene sakutchula tsiku lobwerera. Bwana uja anafunsa malume ngati angalandire Impala m'malo mwa ndalama zotsanzikira. Malume anavomera funso lisanathe. Mpaka imfa yawo ankasimba pa mowa kuti anamupusitsa mzungu. Ine ndi amene ndinkatumidwa ndi chigubu kukagula petulo ndili mwana, ndiye pa nkhani ya amene anapusitsa mnzake ndili ndi maganizo angaanga.

Anabwera nayo mu 1975, kudzera ku Beitbridge, Salisbury, Tete mpaka pa Mwanza. Pachipata galimoto inaloledwa msanga, koma dalaivala anayamba wakhala pampando. Masiku a Kamuzu amenewo mwamuna wa tsitsi lalitali sankalowa m'dziko asanaonane ndi sizasi, ndipo malume anali ataweta chitsitsi cha zaka zitatu. Anatuluka m'menemo mutu uli zigambazigamba ngati munda wolowa mbuzi, moti anakamalizitsa ndi lumo pamsika. Kumudzi agogo anatuluka m'nyumba, anayang'ana galimoto, anayang'ana mutu wa mwana wawo, nafunsa dzina la chinthucho. Atamva anangowomba m'manja kamodzi: "Zaka khumi ndi ziwiri ku Joni, wabwerako ndi mpala ziwiri."

*

Malume anatisiya mu 2019. Tsiku losesa, asuweni anga, anthu ophunzira, anabwera ndi lamulo la chuma cha masiye la 2011, lija limaika patsogolo mkazi ndi ana. Nyumba ya ku Lunzu: lamulo. Chigayo: lamulo. Ng'ombe zisanu ndi imodzi: lamulo. Titafika pansi pa mtengo wa mango, pamene galimoto inagona chigonere kuyambira chaka cha chisankho cha 1994, msuweni wamkulu anatsokomola, navula chipewa.

"Koma abale, mwambo tisautaye. Kwathu kuno chuma cha malume amadya ndi mphwake."

Onse anavomera pamodzi ngati kwaya. Chibadwire sindinaonepo mwambo ukulemekezedwa chotero.

Tinaikoka ndi lole ya mchenga mpaka ku Chilomoni. Pageti inakana. M'lifupi mwake ndi mamita awiri, m'litali mamita 5.4, pamene geti langa anamangira njinga ndi wilibala. Tinagumula mpanda. Italowa, mayi a kunyumba anaitana mmisiri tsiku lomwelo kudzamanganso, poti akuba sadikira kuti uganize bwino. Ndiye galimoto ili m'kati ngati mbewa imene inalowa m'nsupa. Nkhani imeneyi pachikatoni paja sindinalembe. Malo anachepa.

*

Amene anandilowetsa m'nkhalango ya malondayi ndi mwana wanga wa Fomu 3. Anabwera usiku wina ndi foni, maso ali gwa.

"Adadi, tagonera chuma."

Anandiwerengera za pa intaneti. Dzina la galimotoyo analitenga kwathu kuno: impala ndi nswala, ija mumaiona ku Liwonde ikudumpha ngati yaponda moto. Mu 1965 mokha, ku America anagulitsa ma Impala oposa 1 miliyoni. Yathuyi chiwongolero chili kumanja chifukwa anailumikizira ku Port Elizabeth, mzinda umene lero akuti Gqeberha, dzina limene ndinayesa kutchula kamodzi n'kuluma lilime. Kenako anandionetsa mitengo imene okonda magalimoto akale amalipira kumeneko. Ndinachulukitsa madola aja ndi kwacha, makina owerengera a m'foni n'kuyamba kulemba zilembo m'malo mwa manambala. Usiku umenewo ndinauza mayi a kunyumba kuti ayambe kusankha matailosi.

M'mawa mnyamata uja anabwera akukanda m'mutu.

"Adadi, mitengo ija ndi ya za zitseko ziwiri, zolembedwa SS, kapena zovula denga. Ya zitseko zinayi akuti ndi ya agogo yopitira kutchalitchi. Mtengo wake ndi wotsika kwambiri."

Abale inu, dziko ili ndi lozondoka. Kuno tikamagula galimoto timawerenga zitseko ndi mipando, poti pali maliro, pali zinkhoswe, pali apongozi opita kuchipatala. Ku America zitseko zikachuluka mtengo umatsika. Mayi a kunyumba, amene anali akupeta mpunga pakhonde, sanadzutse n'komwe mutu.

"Nanga zakumbuyozo zimatsekuka?"

"Ayi."

"Ndiye lembani kuti ndi ya zitseko ziwiri."

*

Woyamba kufika anali dobadoba wa magalasi akuda ndi mafoni atatu. Anaizungulira, anamenya tayala ndi nsonga ya nsapato, tayala n'kugwetsa chibenthu.

"Bigi, musadandaule. Ndili ndi kasitomala ku Namiwawa, amafuna zoterezi ngati mankhwala. Mungondigwira ya thiransipoti."

Ndinamugwira. Anajambula mbali imodzi yokha, ija imene dzuwa silinaiwambe kwambiri. Patatha sabata mlamu wanga ananditumizira chithunzi cha pa Facebook: galimoto yanga, mtengo wowirikiza kawiri, ndi mawu akuti ankayendetsa ndi mayi mmodzi wosamala amene tsopano akusamukira kunja. Pa chithunzicho, kuseri kwa chiwongolero, nkhuku yathu yathadzi inali itasuzumira. Mwina mayi wosamalayo ndi ameneyo.

Loweruka lotsatira anabwera ndi kasitomala uja. Kasitomala anati iye sagula yekha, ali ndi bwana wake. Bwanayo atabwera anati iyenso akuimira munthu wina wamkulu, natulutsa foni kuti amuimbire. Foni inalira m'thumba mwa dobadoba woyamba. Atatuwo anayang'anana, anaseka, anapatsana moni wa chibakera, kenako onse anatembenukira kwa ine kuti dzuwa lawawamba, ndiwaganizire ya zakumwa.

*

Wina anandiimbira kuti ali ku Texas. Chingerezi chake chinkatulukira m'mphuno. Anati safuna n'kuiona komwe, madola ali okonzeka, ine ndingotumiza K150,000 pafoni kwa munthu wake wa sitima kuti akayambe mapepala. Ndinamufunsa kuti sitimayo idzakocheza pati, pa mtsinje wa Mudi? Anati zimenezo ndisade nazo nkhawa. Tili m'kati mokambirana, kumbuyo kwake ndinamva mawu omveka bwino: "Limbe! Limbe! Mmodzi wotsala!"

Ndinati, "Achimwene, ku Texas nakonso minibasi zavuta?"

Foni inaduka. Nambala yake, nditaiyang'anitsitsa, inkayamba ndi 265 ngati yanga.

*

Ndinaona kuti galimoto yosalira siigulika, ndiye ndinaitana makaniko. Anabwera mnyamata wa ovolosi yoyera, atanyamula kakompyuta kokhala ndi chingwe. Anagwada pansi pa chiwongolero, anafufuza, anayatsa tochi ya pafoni, anafufuzanso.

"Bwana, pobaya pali pati?"

"Pobaya chiyani?"

"Kompyuta. Kuti galimoto indiuze chimene chikuivuta."

Ndinamuuza kuti galimoto imeneyi ndi ya m'badwo umene sunkauza ana mavuto ake. Anatsekula boneti n'kubwerera m'mbuyo. Injini ya masilinda 8, malita oposa anayi ndi theka, kutanthauza ma Vitz anayi ndi nyenyeswa, koma m'mbali mwake muli malo oti munthu n'kulowamo ndi kampando. Munali kale mphaka ndi ana ake atatu. Titawasamutsa anatenga sipanala 13: ikuterereka. Anatenga 12: ikukana kulowa. Anayesa 14 pa bawuti ina, nayonso ikukana pang'ono pokha, ngati munthu amene ali ndi ndalama koma sakufuna kukubwereka. Pofika masana anali atasalaza mitu ya mabawuti anayi. Anapukuta manja nandiitanira pambali.

"Bwana, sindikufuna kuyambanitsa abale. Koma galimoto iyi ndi yokhwimira."

Wondimasulira anali madala wina wa ku Ndirande, amene anayamba umakaniko ndalama zili mapaundi ndi mashereni. Anafika ndi kachikwama ka chikopa. Ataiona anaima, anavula chipewa, naipatsa moni ngati mnzake amene anasiyana naye ku Wenela. Kenako anamasula kansalu, m'menemo muli masipanala akuda ndi ukalamba, olembedwa 1/2, 9/16, 5/8.

"Mwana wanga, palibe wakhwimira apa. Amerika amayeza ndi mainchesi. Theka la inchesi ndi mamilimita 12.7. Ndiye 13 ikulira, 12 ichepa. Anyamata a lerowa chimene sachidziwa amati ufiti."

Madala ameneyu sanafulumire. Anachotsa mapulagi onse asanu ndi atatu, anathira oyilo wosakaniza ndi dizilo m'mabowo, nati tionana Lachisanu. Lachisanu anabwera ndi chitsulo chachitali, anakoleka kutsogolo kwa injini, anatsamira. Zii. Anathiranso, nati tionana Lachisanu. Lachisanu lachitatu chitsulo chinayenda pang'ono, kutalika kwa chikhadabo, madala n'kumwetulira ngati mzamba wamva kulira kwa khanda. Anapala mapointi ndi kachitsulo kosalazira zikhadabo ka mayi a kunyumba, kamene mpaka lero sakudziwa kumene kanapita. Anamasula kabureta, anaitsuka m'beseni losambitsira mwana, anapemerera timabowo take ndi pakamwa. Uku akugwira, uku akundiphunzitsa: kuti injini zimenezi anazipangira petulo wa mtovu amene anasiya kugulitsidwa kuno cha m'ma 2006, ndiye pokhalira mavavu pamadyeka mukaithamangitsa ndi petulo wa lero, kuti mabuleki a mawilo onse anayi amadalira mphika umodzi wa mafuta, paipi imodzi ikaphulika mwatsala ndi pemphero, kuti kabatani kali pansi pafupi ndi phazi si msampha wa makoswe, n'kosinthira magetsi akutsogolo.

Tsiku lalikulu tinabwereka batire ya lole. Madala anathira petulo m'kabureta kuchokera m'botolo la Sobo, nandiuza kuti ndipotokole kiyi. Inabuula. Inatsokomola. Kachitatu kunamveka phuu! Ku ekizosi kunatuluka zitsononkho, makoko a mtedza, chisa chathunthu ndi khoswe mmodzi amene anathamanga osayang'ana m'mbuyo. Kenako inalira. Abale, inalira! Mawu okhuthala, ochokera pansi, ngati ng'oma yaikulu ya kudambwe. Mawindo a nyumba ananjenjemera, agalu a mzere wonse anayamba kuuwa, mayi woyandikana nafe anathamangira kukazimitsa firiji poganiza kuti thiransifoma yaphulika. Mwana wanga anawerenga: masekondi 11. Kenako phee.

Madala anapukuta m'maso ndi nsanza ya oyilo. Inenso, ndisabise, ndinaona malume atakhala pamenepo, chigongono pawindo.

"Yamoyo iyi," anatero. "Ingofunika pang'ono."

Ndinatenga kope kuti ndilembe pang'onopo. Thanki yabooka. Ladiyeta ikudontha. Mapaipi a mabuleki onse. Mawaya anadya makoswe. Matayala anayi ndi lachisanu. Pansi pa mapazi a dalaivala pakufunika kuwotcherera. Mipando. Mashoko. Galasi lakutsogolo. Nditatembenuza tsamba lachiwiri ndinafunsa kuti nanga chimene chili bwino n'chiyani.

Anaganiza nthawi yaitali. "Kanswala kali pambalipo. Sikanachite dzimbiri."

*

Ndinapita kukasaka zipangizo. Mu Limbe, mnyamata wa m'sitolo anafunsa kuti ndi za galimoto yanji. Ndinati Chevrolet. Anati, "Shevu ndani?" Ku Ndirande sanafunse n'komwe. Kumeneko mawu oti "palibe" ndi mwano. Ndinaonetsa pampu ya petulo, munthu anathamanga nayo, anabwera patatha ola ndi pampu ya Toyota, nati, "Ndi yomweyo, bwana, kungoti iyi ndi ya Chijapani. Tingoboola pena, tipinde apa, tisule pang'ono." Ndinakumbutsa mwana wanga kuti galimotoyi inachokera ku Joni, tilembere kumeneko. Anandiuza kuti General Motors, kampani yopanga Chevrolet, inachoka ku South Africa mu 2017, ndipo Impala yomaliza inatuluka m'fakitale ku Detroit mu 2020. Zipangizo zilipo ndithu, zatsopano, zonyezimira, koma zili ku America, zimafuna madola, ndipo aliyense amene anayesapo kupempha madola kubanki masiku ano akudziwa kuti kupempha mvula mu Okutobala n'kosavuta.

Madala anali ndi nzeru ina. Anati ku Havana, m'dziko la Cuba, magalimoto a Amerika a m'ma 1950 akuyendabe ngati mataxi, chifukwa Amerika atawatsekera malonda eni ake anaikamo mainjini a dizilo a magalimoto ena. "Tiikemo ya Canter, iyenda mpaka ku Karonga." Mwana wanga analumpha: tikachotsa injini yake yobadwa nayo, okonda zakale aja saiyang'ananso, chifukwa amafuna nambala ya injini igwirizane ndi galimoto.

Ndiye ndi pamene ndili. Ndikaikonza kuti iyende, itaya mtengo. Ndikaisiya kuti isunge mtengo, siyenda. Mapanga awiri avumbwitsa, koma ine ndikuvumbwa ndili pakati pa bwalo langa lomwe.

*

Mnyamata wa taxi anabwera ndi maso a bizinesi. Anaona mpando wakutsogolo, wautali ngati benchi la m'tchalitchi, giya ili pa chiwongolero, pakati popanda chotchinga. Anayamba kuwerenga ndi chala: kutsogolo anayi, kumbuyo asanu ndi mmodzi, m'buti matumba a makala ndi mbuzi ziwiri. Anati Sienta ndi chidole. Kenako anafunsa funso limene ndinkapemphera kuti aiwale.

"Lita imodzi imayenda makilomita angati?"

"Ikakondwa, asanu."

Anaseka mpaka anagwira mpanda. "Madala, imeneyi si galimoto. Ndi chidakwa cha matayala."

Mnzake amene anabwera naye sanaseke. Ameneyu ndi uja amaima m'mbali mwa msewu ndi mabotolo mafuta akasowa. Atamva kuti thanki imalowa malita oposa 70, maso ake anawala. Pamzere wa mafuta amakaniza zigubu, koma galimoto saikaniza. Nzeru yake inali yoti aziikankha ndi anyamata mpaka pa pampu, adzaze, akankhirenso kuseri, apope. Injini analibe nayo ntchito. Anazungulira katatu kufuna pothirira petulo, osapaona. Ndinamusiya avutike kaye, kenako ndinagwetsa nambala yakumbuyo: chitsekerero chili kuseri kwake. Anati azungu ndi afiti. Malonda anatsala pang'ono kutheka, mpaka anagogoda thanki ndi chala, chala n'kulowa.

*

Wogula zitsulo zakutha ndiye sanataye nthawi ndi mbiri. Anaiyang'ana ngati wabutchala akuyang'ana ng'ombe. Boneti: mbaula khumi ndi ziwiri. Denga: zitseko ziwiri za bafa. Ladiyeta: mkuwa, umenewo mtengo wake ndi wapadera. Anagogoda chitseko namvetsera. "Chitsulo cha kale ichi, osati malata a masiku anowa." Mnzake wosula makasu anagona chagada n'kulowa pansi, natuluka atakwiya. Ankafuna masipuling'i aatali aja amasulira nkhwangwa ndi zikwanje, koma Impala ili ndi opotana mawilo onse anayi. Anati galimoto yonseyi yopanda ndi chikwanje chimodzi chomwe.

Anatchula mtengo wa pa kilo, nachulukitsa ndi makilo 1,700. Za mpanda anati zisandidetse nkhawa, iwo amatulutsa m'zidutswa. Mawu amenewo anandilasa. Ndinati malume anga sangatuluke pageti langa m'zidutswa. Mayi a kunyumba anandiyang'ana ndi diso lija limatanthauza kuti tikambirana ana akagona.

*

Ndalama yokhayo imene galimotoyi yabweretsa chifikire inachokera kwa anyamata oimba. Anabwera asanu, mathalauza ali m'munsi mwa matako, kuti akufuna kujambulirapo vidiyo. Amaonera anzawo a ku Los Angeles akuyenda pa ma Impala odumphadumpha, ndiye mtsogoleri wawo anafunsa mwaulemu, "Adadi, imadumpha?" Ndinati nswala imeneyi inadumpha komaliza iwo asanabadwe. Sanagwe mphwayi. Awiri anabisala kumbuyo n'kumaigwedeza, wina anakupiza mbaula ya masamba aawisi kuti pakhale utsi, woimba anakhala pa boneti akuloza kumwamba. Analipira K15,000 ndi kusiya dzenje pa boneti. Ndamva kuti mu vidiyomo ndikuonekamo, chakumbuyo, nditanyamula ndowa.

*

Wogula weniweni anabwera mwakachetechete, Lachiwiri m'mawa. Mkulu wa imvi, kabudula wa kaki, ali ndi magalimoto akale atatu kwawo. Sanamenye tayala. Anatulutsa kamaginito m'thumba n'kumakayendetsa m'mbali mwa galimoto. Pena kankamata, pena kankagwa. Anati pamene kakugwapo palibe chitsulo, pali phala lija amamata okonza magalimoto ochita ngozi. Kanagwa malo asanu ndi awiri. Ndinakumbuka kuti malume ankati chibadwire sanagundepo kanthu. Zinthu ndi zimene zinkawagunda.

Anakweza kapeti wa pansi pa chiwongolero. Tonse awiri tinaona dothi la Chilomoni, ndi chitedze chikumera. Chikomekome cha mkuyu. Koma mkuluyo sanathawe. Anagona pansi ndi tochi, anabaya chimango ndi sikuludiraiva kuyambira kutsogolo mpaka kumbuyo, nadzuka akudzisansa. Anati chimango n'cholimba, ndipo chimenecho ndiye galimoto. Zina zonse ndi zovala. Anawerenga nyali zakumbuyo, zitatu uku zitatu uku, zonse zosasweka. Anakopera manambala a pa kachitsulo ka pa mphuthu ya chitseko. Anati ntchito yake ndi ya zaka zitatu ndipo ndalama zake sadzazibwezanso, koma ya chiwongolero cha kumanja siipezekapezeka. Anatchula K3 miliyoni. Mpanda agumula ndi kumanga yekha.

Miyendo yanga inachita madzi. Kenako anati, "Bulu buku ili kuti?"

Inali m'sutikesi ya malume, ndipo chiswe chinali chitawerenga kale masamba onse. Chinasiya chikuto ndi theka la dzina. Mkulu uja anati palibe vuto, ina ikhoza kupezeka, koma poti dzina ndi la malemu, pafunika makalata a chuma cha masiye ndi kuvomereza kwa olowa m'malo. Ndinaimbira msuweni wamkulu kuti angosaina. Ndinalakwitsa chinthu chimodzi: ndinatchula mtengo.

Loweruka anafika onse asanu ndi mmodzi pa minibasi yahayala, ndi wina amene sindinamuonepo, akuti wa ku Joni, mphuno yake ya malume yeniyeni. Msuweni wamkulu anakhala pampando wanga, anatsokomola, natulutsa pepala m'jekete.

"Asuweni, mwambo ndi wabwino. Koma dziko limayendera lamulo."

Linali lija la 2011. Akuti galimoto anangondisungitsa. Ndinati ngati ndi choncho andilipire lendi ya zaka zonsezi, ndi lole ya mchenga, ndi mpanda, ndi Malachisanu atatu a madala. Wa ku Joni anafunsa, m'Chizulu chosakaniza, ngati chigayo chija chiliponso pa zokambirana. Pamenepo asuweni anayamba kukangana okhaokha. Mkulu wa kabudula, amene anabwera ndi cheke m'thumba, anamwa tiyi wake mpaka kumaliza, anathokoza mayi a kunyumba, nati adzaimba. Papita miyezi inayi.

*

Dzulo ndinauza mayi a kunyumba kuti basi, ndatopa, ndiitane wa zitsulo uja. Ndinkayembekeza nthungululu. Anayamba apukuta manja, nakhala pansi.

"Inu, mwaganiza bwino? Nkhuku khumi ndi zinayi zizigona kuti? Chimanga matumba asanu ndi limodzi chili m'butimo, chosanyowa, chosabedwa, poti buti imatsekuka ndi ine ndekha. Ufa ndimayanika padenga pake, mbuzi sizifikapo. Mwanayu amawerengera pampando wakumbuyo. Inuyo tikayambana mumakakhala kutsogolo n'kumapotokola chiwongolero, mukuganiza kuti sindikuonani? Mukaigulitsa mumange khola, nkhokwe, thandala ndi kanyumba kanu kokwiyiramo. Muwerengere simenti."

Ndinawerengera. Zikupitirira K3 miliyoni.

Komabe chikatoni chikadali pageti, ndipo mtengo ndi wokambirana. Amene muli ndi chidwi bwerani ndi batire yanu, masipanala a mainchesi, matumba anayi a simenti ndi munthu wodziwa kulankhula ndi asuweni. Koma musabwere mwezi uno. Thadzi lija lakhalira mazira pampando wa dalaivala kuyambira Lamulungu, ndipo mayi a kunyumba alamula kuti chitseko chimenecho chisatsekulidwe mpaka masiku 21 akwane.